Dunblane ndi Mbiri ya Malamulo a Mfuti ku Britain

Mwa malamulo okhudza mfuti amene dziko la Britain lakhazikitsa m'zaka 300 zapitazi, ochuluka anabadwa chifukwa boma linkadziopera lokha, ndipo ndi ochepa amene anabadwa chifukwa boma linkaopera anthu ake. Kusiyana kwa mantha awiriwa kumaoneka bwino pa tauni yaing'ono ya Dunblane, imene ili m'mphepete mwa mtsinje wa Allan, makilomita ochepa kumpoto kwa mzinda wa Stirling ku Scotland, chifukwa dera limeneli limatchulidwa kumayambiriro kwa mbiriyi ndiponso pamene inakhotera. Pa 13 Novembala 1715, pamalo okwera a Sheriffmuir amene ali kum'mawa kwa tauniyi, asilikali a boma anamenyana ndi gulu loukira limene linkafuna kubwezera ufumu ku banja la Stuart, ndipo ngakhale kuti tsikulo palibe amene anapambana kwenikweni, kuukirako kunazilala ndipo boma linakhazikitsa lamulo lolanda zida anthu a kumapiri a Scotland. Patapita zaka 280, m'chipinda chochitiramo masewera pa sukulu ya pulaimale ya tauni yomweyi munachitika zinthu zimene zinachititsa kuti boma lilande mfuti zazifupi kwa pafupifupi aliyense amene anali nazo, koma pa ulendo uno amene anakakamiza kuti zitero anali makolo.

Lamulo la 1716 silinaphule kanthu kwenikweni, popeza mabanja amene anali okhulupirika ku boma ndi amene anapereka zida zawo, pomwe oukira anabweretsa mfuti zadzimbiri ndi malupanga othyoka, n'kubisa zabwino m'madenga ndi m'mapanga. Linabwerezedwa mu 1725, kenako linakhwimitsidwa mu 1746 oukira atagonja pa nkhondo ya ku Culloden, ndipo pa nthawiyi linaletsanso ngakhale zovala za makolo za anthu a kumapiri, zimene zikusonyeza kuti cholinga chake chinali kuthyola mtundu wa anthu osamvera, osati kuchepetsa imfa. Ku England nako, chikalata cha ufulu cha 1689 chotchedwa Bill of Rights chinapereka ufulu wosunga zida zodzitetezera kwa Apulotesitanti okha, molingana ndi udindo wawo komanso monga mmene lamulo lingalolere. Mawu omalizirawa, amene pa nthawiyo ankaoneka aang'ono, ndi amene anasiyira nyumba ya malamulo mphamvu zonse zosintha ufuluwo, ndipo apa ndi pamene njira ya Britain inapatukana ndi ya America, kumene ufulu wofananawo unalembedwa mu 1791 m'malamulo aakulu a dziko, amene aphungu sangawasinthe ndi voti wamba.

M'zaka za m'ma 1800 munthu wa ku Britain ankagula mfuti monga mmene angagulire khasu. Lamulo la 1870 linkangofuna kuti woyenda ndi mfuti kunja kwa nyumba yake agule laisensi ya mashereni 10 ku positi ofesi, ndipo wa ku positiyo sankafunsa za khalidwe la wogulayo, chifukwa laisensiyo inali msonkho chabe. Boma linkalimbikitsa ndithu amuna kuphunzira kuwombera, poganiza kuti dziko lokhala ndi odziwa mfuti ambiri silisowa asilikali nkhondo ikabuka, ndipo bungwe la National Rifle Association la ku Britain, limene linayamba mu 1859, zaka 12 lija la ku America lisanabadwe, linachita mpikisano wake woyamba ku Wimbledon mu 1860 Mfumukazi Victoria atawombera chipolopolo chotsegulira. Umu ndi mmene unakulira mwambo wa makalabu owombera chandamale, kutanthauza kupikisana polasa pachizindikiro chojambulidwa papepala kapena pabolodi, masewera amene ankaonedwa kuti ndi a anthu odziletsa ndi okonda dziko lawo. Lamulo la 1903, limene linali loyamba kunena za pisitolo, ndiko kuti mfuti yaifupi yogwira ndi dzanja limodzi, linaletsa kugulitsa mfuti yotereyi kwa ana osakwana zaka 18, kwa woledzera ndi kwa wosokonezeka mutu, koma wina aliyense wokhala ndi nyumba yake ankaigula popanda vuto.

Kusintha kwenikweni kunabwera mu 1920, ndipo magwero ake anali mantha a olamulira. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangotha, asilikali ambirimbiri anali atabwerera kwawo akudziwa kuwombera koma alibe ntchito, ku Russia chipani cha Bolshevik chinali chitalanda boma mu 1917, ku Ireland kunali nkhondo, ndipo mu Januwale 1919 apolisi analimbana ndi anthu onyanyala ntchito pabwalo la George Square ku Glasgow mpaka boma linatumizako asilikali ndi akasinja. Komiti imene ankaitsogolera Sir Ernley Blackwell inali italangiza kale mu 1918 kuti mfuti zizikhala m'manja mwa okhawo amene apolisi awavomereza, ndipo lamulo la 1920 linachita zomwezo: wofuna pisitolo kapena mfuti yaitali yowombera patali anayenera kupeza chiphaso kwa mkulu wa apolisi wa dera lake, atasonyeza chifukwa chomveka chofunira mfutiyo, ndipo mkuluyo anali ndi mphamvu yokaniza munthu wosadziletsa, wosokonezeka mutu, kapena amene pa zifukwa zina sangadaliridwe ndi mfuti. Maziko amenewa ndi amene adakalipo mpaka lero, ndipo m'pofunika kuona chimene anatsamirapo. Chitetezo cha anthu onse chinaikidwa pa nzeru za wapolisi mmodzi poweruza mtima wa munthu mnzake, ntchito imene ndi yosavuta pamene wofunsidwayo ndi woukira boma wodziwika, koma ndi yovuta zedi pamene ali munthu waulemu, wolipira msonkho, wodziwa kulemba makalata odandaula.

Zimene zinawonjezedwa m'zaka zotsatira zinkabwera mwa apo ndi apo, kawirikawiri magazi atakhetsedwa kale. Mfuti zolavula zipolopolo mosalekeza zinaletsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo nkhondo yachiwiri itatha apolisi anasiya kuvomereza kudziteteza ngati chifukwa chomveka chosungira mfuti, kotero kuti chifukwa chachikulu chimene chinatsala kwa wofuna pisitolo chinali umembala wa kalabu yowombera chandamale. Mu Ogasiti 1966 zigawenga zinapha apolisi atatu ku Shepherd's Bush mu mzinda wa London, ndipo ngakhale kuti zinagwiritsa ntchito mfuti zazifupi, boma linayankha pokhazikitsa ziphaso za chifefe, mfuti ya alimi ndi osaka mbalame imene imamwaza tizipolopolo tambiri nthawi imodzi. Anthu ankafuna kuti chilango cha imfa, chimene chinali chitangoimitsidwa mu 1965, chibwerere, ndipo boma linafunika kuoneka kuti lachitapo kanthu. Malamulo onsewa anawasonkhanitsa pamodzi mu 1968.

Pa 19 Ogasiti 1987, m'tauni ya Hungerford kumwera kwa England, Michael Ryan, wa zaka 27, anapha anthu 16 kuphatikizapo mayi ake, kenako anadzitsekera m'sukulu imene munalibe ana chifukwa inali nthawi ya tchuthi, n'kudziwombera. Mfuti zake zonse zinali ndi ziphaso. Boma la Margaret Thatcher linaletsa mu 1988 mfuti zazitali zikuluzikulu zodzilowetsera zokha chipolopolo china chikangotuluka, monga ija ya mtundu wa Kalashnikov imene Ryan ananyamula, koma silinakhudze pisitolo, ngakhale kuti ena mwa anthuwo anawapha ndi pisitolo ya Beretta. Anthu a ku Dunblane anadzabwerera ku mfundo imeneyi mobwerezabwereza mu 1996, ponena kuti boma linali litachenjezedwa kale ndi maliro 16 ndipo linatseka khomo limodzi n'kusiya lina lapululu.

Thomas Hamilton, amene anadzachita zoopsa za ku Dunblane, analandira chiphaso chake choyamba cha mfuti mu 1977, patangopita zaka zitatu kuchokera pamene bungwe la Scout linamuchotsa pa utsogoleri wa anyamata chifukwa cha madandaulo a mmene ankayendetsera maulendo awo okagona kutchire. Anali ndi sitolo yogulitsa zipangizo za matabwa ku Stirling, imene inadzagwa m'zaka za m'ma 1980, koma moyo wake unali pa makalabu a anyamata amene ankawayendetsa yekha m'maholo a sukulu zosiyanasiyana, kumene ankachititsa ana masewera olimbitsa thupi ndi kuwajambula zithunzi atavala makabudula osambira okha. Makolo ankanong'onezana, ena ankachotsamo ana awo, ndipo mmodzi mwa amene anatero anali George Robertson, phungu wa chipani cha Labour amene ankakhala ku Dunblane komweko. Khonsolo itayesa kumuletsa kugwiritsa ntchito nyumba za sukulu, Hamilton anakadandaula ku ofesi yomva madandaulo a anthu pa makhonsolo ndipo anapambana, zimene zinasiya akuluakulu ambiri ali ndi mantha omukhudzanso. Apolisi anamufufuza kangapo, koma oimira boma pa milandu sanapeze umboni wokwanira womutengera kukhoti. Mu 1991 wapolisi wofufuza nkhani za ana, Paul Hughes, analemba kalata yopempha kuti chiphaso cha Hamilton chilandidwe, pofotokoza kuti ndi munthu wachinyengo ndi wosakhazikika maganizo, koma wachiwiri kwa mkulu wa apolisi a Central Scotland, Douglas McMurdo, analamula kuti pasachitike kanthu, poona kuti munthuyo anali asanapezekepo wolakwa pa mlandu uliwonse. Chiphasocho anachiwonjezeranso nthawi mu 1995.

Lachitatu pa 13 Malichi 1996, nthawi itangopitirira pang'ono hafu pasiti 9 m'mawa, Hamilton, amene anali ndi zaka 43, analowa pa sukulu ya pulaimale ya Dunblane, imene inali ndi ana oposa 600, atanyamula mapisitolo awiri a Browning, mfuti zina zazifupi ziwiri za Smith & Wesson ndi zipolopolo 743. Asanalowe anadula mawaya a telefoni pamtengo wina pafupi ndi sukuluyo, koma mawayawo anali a nyumba zoyandikana nayo. M'chipinda cha masewera anapeza ana a kalasi yoyamba, a zaka 5 ndi 6, akuyamba phunziro la masewera olimbitsa thupi, ndipo m'mphindi zosapitirira zinayi anawombera zipolopolo zoposa 100, kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo Gwen Mayor, kuvulaza anthu ena 15, kenako n'kudzipha. Makolo anathamangira kusukuluko n'kudikira kwa maola angapo asanauzidwe ngati mwana wawo ali moyo, chinthu chimene ambiri a iwo sanawakhululukire nacho apolisi. Mmodzi mwa ana amene anali pa sukuluyo tsikulo anali Andy Murray, wa zaka 8, amene anadzakhala katswiri wa tenisi. Patapita masiku awiri nduna yaikulu John Major ndi mtsogoleri wotsutsa boma Tony Blair anafika limodzi ku Dunblane, Lamulungu lotsatira kunafika Mfumukazi Elizabeth, ndipo mwezi wotsatira chipinda cha masewera chija anachigwetsa.

Boma linasankha woweruza wa ku Scotland, Lord Cullen, kuti afufuze poyera zimene zinachitika, ndipo anamva mboni kwa masiku 26 ku Stirling kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka mu Julayi. Lipoti lake, limene linatuluka pa 16 Okutobala 1996 lili ndi malangizo 28, linadzudzula kayendetsedwe ka ziphaso m'polisi ya Central Scotland, ndipo linanena kuti panali zifukwa zokwanira zoti chiphaso cha Hamilton chikadalandidwa. McMurdo anatula pansi udindo lipotilo litangotuluka. Koma pa nkhani ya mfuti zenizenizo Cullen anayenda mosamala ngati woweruza. Analangiza kuti mapisitolo a masewera azisungidwa atachotsedwa chiwalo chofunika, chimene chizikhala kukalabu kuti mfutiyo isathe kuwombera ikakhala kunyumba, ndipo anati ngati zimenezi sizingatheke, ndiye kuti boma liganizire zoletsa munthu payekha kukhala ndi mfuti zotere. Miyezi iwiri lipotilo lisanatuluke, komiti ya aphungu yoona za m'dziko, imene ambiri ake anali a chipani cholamula cha Conservative, inali itanena kuti kuletsa mapisitolo n'kosafunika. Zikadatsata njira imene nkhani zotere zinkatsata kale, mbiriyi ikadathera pa kukonza mafomu ndi maloko a makalabu.

Chimene chinasintha njirayo ndi kampeni ya Snowdrop, imene anaiyambitsa amayi atatu a m'dera la Stirling, Ann Pearston, Jacqueline Walsh ndi Rosemary Hunter, ndipo anaitcha dzina la kaduwa koyera kamene kamaphuka nyengo yozizira ya kumeneko ikamatha, kamene kanali kataphuka pa nthawi ya malirowo. Pa nthawi imene intaneti inali isanafale, chikalata chawo chopempha kuti mfuti zazifupi ziletsedwe chinayenda pamanja m'masitolo, m'matchalitchi ndi pazipata za sukulu, ndipo pofika mu Julayi 1996, pamene anakachipereka ku nyumba ya malamulo, chinali chitasainidwa ndi anthu oposa 700,000. Makolo ena a ana ophedwawo, monga Mick North, analowa m'bungwe latsopano la Gun Control Network ndipo anayamba kuyankhula pa wailesi ndi pamaso pa aphungu. Mphamvu ya mfundo yawo inali pa kusintha funso. Kuyambira mu 1920 funso linali lakuti ndani woyenera kusunga mfuti, ndipo eni makalabu anapitiriza kuyankha funso lomwelo, ponena kuti cholakwa chinali cha apolisi amene anapatsa chiphaso munthu wosayenera, osati cha anthu masauzande ambiri osunga lamulo amene sanalakwire aliyense. Makolowo anavomereza kuti apolisi analakwitsa, koma anati kulakwitsako sikudzatha, chifukwa palibe wapolisi kapena dokotala amene angaone za mumtima mwa munthu zaka zisanu zikubwerazo, ndipo ngati zili choncho funso loyenera ndi lakuti ndi mfuti iti imene dziko lingalole kuti ipezeke m'manja mwa munthu amene apolisi amuweruza molakwika. Pisitolo, imene imabisika m'thumba la jekete ndi kulavula zipolopolo zambiri m'kanthawi kochepa, ndiponso imene mlimi kapena mlenje alibe nayo ntchito, inalibe choiteteza china koposa chisangalalo cha masewera.

Mbali inayo sinali yopanda mfundo, ndipo si chilungamo kuionetsa ngati gulu la anthu ouma mtima. Ambiri anali anthu amene anawombera chandamale kwa zaka makumi popanda ngozi, ena anali oimira dziko pa mipikisano, ena anali amalonda amene mabizinesi awo anali pafupi kufa, ndipo anachita zionetsero mu London ponena kuti akulangidwa chifukwa cha tchimo la munthu mmodzi. Koma anasowa mawu oyankhulira pamaso pa makolo oferedwa, ndipo amene anayesa kuwayankhulira nthawi zina ankangowonjezera moto. Mu Disembala 1996 mwamuna wa Mfumukazi, Prince Philip, anafunsa pa wailesi ngati dziko lingaletse ndodo zomenyera mpira wa kiriketi munthu atapha nazo ana pasukulu, ndipo anthu anakwiya kwambiri mpaka anapepesa. Fanizolo linagwa chifukwa aliyense ankadziwa kuti ndi ndodo munthu sangaphe anthu 17 m'mphindi zinayi aphunzitsi akuyang'ana.

Ndale nazo zinathandiza, ndipo wolemba mbiri sayenera kubisa zimenezi pofuna kukometsa nkhani. Chisankho chinali pafupi, boma la Major linali lofooka m'nyumba ya malamulo, ndipo nduna yoona za Scotland, Michael Forsyth, anali phungu wa Stirling yemweyo, dera limene Dunblane inali m'kati mwake ndipo limene anapambanako ndi mavoti ochepa. Mu Okutobala 1996 Ann Pearston anayankhula pa msonkhano waukulu wa chipani cha Labour, ndipo chipanicho chinaima pa mfundo yoletsa mapisitolo onse. Boma la Conservative linapitirira malangizo a Cullen n'kukhazikitsa lamulo, limene linavomerezedwa mu Febuluwale 1997, loletsa mfuti zonse zazifupi kupatula za chipolopolo chaching'ono cha .22, nambala imene imatanthauza kukula kwa chibowo cha mfuti poyeza m'mainchesi, ndipo zimenezo zinayenera kusungidwa kumakalabu okha. Labour itapambana pa 1 Meyi 1997, Forsyth n'kutaya mpando wake, boma la Blair linabweretsa lamulo lachiwiri chaka chomwecho limene linaletsanso za .22 zija. Mfuti zazifupi pafupifupi 162,000 ndi matani 700 a zipolopolo zinaperekedwa kupolisi pofika kumayambiriro kwa 1998, eni ake n'kulipidwa chipukutamisozi. Zinatsala ndi zochepa, monga zakale zosungira mbiri, zothira wonga kukamwa ngati gogodela, ndi za madokotala a ziweto zophera nyama yovulala. Lamuloli silinafike ku Northern Ireland, kumene mbiri ya nkhondo ya pachiweniweni inapereka malamulo ena, ndipo akatswiri a Britain owombera pisitolo anayamba kukachitira zokonzekera zawo kunja kwa dziko, mpaka panafunika chilolezo chapadera kuti mipikisano yotereyi ichitike pa masewera a Commonwealth a ku Manchester mu 2002 ndi a Olympic ku London mu 2012.

Mbali ya lipoti la Cullen imene sitchulidwa kawirikawiri, koma imene inakhudza moyo wa tsiku ndi tsiku wa ana ambiri kuposa lamulo la mfuti, ndi ya chitetezo cha sukulu ndi kufufuza akuluakulu ogwira ntchito ndi ana. Dunblane isanachitike, sukulu ya pulaimale ku Britain inali malo otseguka, amene kholo kapena mlendo ankangolowa mpaka pakhomo la kalasi. Zoopsa zina za nthawi yomweyo zinawonjezera nkhawa, monga kubayidwa kwa mphunzitsi wamkulu Philip Lawrence pachipata cha sukulu yake ku London mu Disembala 1995, ndi munthu wachikwanje amene anavulaza ana a sukulu ya mkaka ku Wolverhampton mu Julayi 1996, kumene wolera anawo, Lisa Potts, anatemedwa kwambiri powatchinga ndi thupi lake. Kuyambira pamenepo sukulu zinamangidwa mipanda, zitseko zinayamba kutsekulidwa ndi batani kuchokera mu ofesi, ndipo mlendo aliyense analembetsa dzina ndi kuvala baji. Cullen mwini anachenjeza kuti sukulu isasanduke linga la nkhondo, ndipo m'pake kuona kuti Britain sanatsate njira yoika alonda amfuti. Pa nkhani ya akuluakulu, lamulo la apolisi la 1997 linatsegula njira yoti olemba ntchito azifunsa mbiri ya munthu asanamupatse ana, ndipo mu 2002 anakhazikitsa Disclosure Scotland ndi ofesi yofanana nayo ya ku England ndi Wales. Chatsopano m'dongosololi chinali chakuti pa ntchito zokhudza ana apolisi angaulule ngakhale nkhawa zimene sizinafike kukhoti, mtundu womwewo wa nkhawa zimene zinadzaza mafailo a Hamilton kwa zaka 20 popanda womulepheretsa kubwereka holo ya sukulu.

Kuyeza zotsatira za kuletsa mapisitolo kumafuna kudekha, chifukwa mbali zonse ziwiri zimakonda kutola chiwerengero chimene chikuzikomera. Milandu ya mfuti ku England ndi Wales inakwera kwa zaka zingapo pambuyo pa 1997 isanayambe kutsika m'katikati mwa zaka za m'ma 2000, ndipo otsutsa lamuloli amaloza pamenepo; koma mfuti za magulu a achifwamba a ku London, Manchester ndi Birmingham sizinali za m'makalabu, ndipo lamulo la 1997 silinalembedwe polimbana ndi zimenezo. Ochirikiza lamuloli amanena zoona kuti kuchokera mu 1996 sipanachitikenso kupha ana ambiri ndi mfuti pasukulu ya ku Britain, ngakhale kuti zoterezi zinali zosowa kale ndi kale, kotero kuti zaka zimene zapitazi sizingatsimikizire zonse pazokha. Chimene chimapereka kulemera ku mfundo yawo ndi kuyerekeza ndi maiko ena. Ku Australia, kumene munthu wina anapha anthu 35 ku Port Arthur pa 28 Epulo 1996, patangopita milungu isanu ndi umodzi kuchokera pa Dunblane, boma la John Howard linagwirizana ndi zigawo zonse m'masiku 12 okha zoletsa mfuti zazitali zodzilowetsera zipolopolo, ndipo linagula kwa anthu mfuti zoposa 600,000. Ku America, ana 20 a zaka 6 ndi 7 ndi akuluakulu 6 ataphedwa pa sukulu ya Sandy Hook pa 14 Disembala 2012, ganizo laling'ono lokulitsa kufufuza ogula mfuti linapeza mavoti 54 m'nyumba ya Senate mu Epulo 2013, koma linagwa chifukwa pankafunika 60, ndipo khoti lalikulu linali litagamula kale mu 2008 kuti kusunga pisitolo m'nyumba ndi ufulu wa munthu payekha. Makolo a ku Sandy Hook sanalire mochepa kuposa a ku Dunblane. Anakumana ndi malamulo aakulu ena, nyumba ya malamulo yomangidwa mwina, ndi mfuti zochuluka kwambiri moti kuzisonkhanitsa m'miyezi ingapo sikungaganizidwe n'komwe.

Lamulo la 1997 linachotsa mtundu umodzi wa mfuti m'manja mwa apolisi opereka ziphaso, koma mitundu ina yonse inatsala pa maziko a 1920 aja. Pa 2 Juni 2010 woyendetsa takisi wina ku Cumbria, Derrick Bird, anapha anthu 12 ndi chifefe ndi mfuti yaitali ya .22, zonse zovomerezeka. Ku Scotland, kumene nyumba ya malamulo ya ku Edinburgh ilibe mphamvu pa mfuti zambiri chifukwa nkhaniyi inatsala m'manja mwa nyumba ya malamulo ya dziko lonse la Britain, imfa ya mwana wa zaka ziwiri amene anawomberedwa ndi mfuti yampweya ku Glasgow mu 2005 inayambitsa kampeni ina ya makolo, imene inabala lamulo la 2015 lofuna chiphaso ngakhale pa mfuti zoterezo. Ndipo pa 12 Ogasiti 2021, ku Plymouth, Jake Davison, wa zaka 22, anapha anthu asanu, kuphatikizapo mayi ake ndi kamtsikana ka zaka zitatu kamene kankayenda mumsewu ndi bambo ake, pogwiritsa ntchito chifefe chimene apolisi a Devon ndi Cornwall anali atamulanda chifukwa chomenya achinyamata m'paki, kenako n'kumubwezera mwezi umodzi kuphako kusanachitike. Kuyambira mu Novembala 2021 wopempha chiphaso ayenera kubweretsa umboni wa dokotala. Bwalo lofufuza za imfazo litamaliza ntchito yake mu 2023, linapeza kuti ofesi ya ziphaso inalephera koopsa, ndipo linanena kuti maphunziro oyenera a apolisi ogwira ntchito yopereka ziphaso, amene Lord Cullen analangiza mu 1996, anali asanakhazikitsidwe m'dziko lonse patapita zaka 27.